Steve Kerr kapena Jason Kidd: amene akufuna ukochi atsate njira ya uti?

Mu Meyi 2022, ife amene tinazolowera kudzuka 3 koloko m'bandakucha chifukwa cha NBA, ligi ya basketball ya ku America, tinaona Golden State Warriors ya kochi Steve Kerr ikulimbana ndi Dallas Mavericks ya kochi Jason Kidd, kuti papezeke woimira chigawo cha kumadzulo mu fainolo. Warriors inapambana masewero 4, Dallas 1. Achinyamata ambiri sadziwa kuti aka sikanali koyamba kuti awiriwa aimirane pa njira ya chikho. Mu Juni 2003 anakumana mu fainolo yeniyeniyo akadali osewera. Kidd ndiye anali mutu wa New Jersey Nets, mpira uliwonse unkadutsa m'manja mwake. Kerr, wa zaka 37, nthawi yambiri ankaithera pa benchi ya San Antonio Spurs kudikira kuti mwina amuitana. Chikho chinapita ku San Antonio.

Mkangano wa awiriwa ukabuka, a mbali ya Kerr amangotambasula zala: zikho 9, zisanu ali wosewera, zinayi ali kochi. Kidd ali ndi ziwiri, china ali wosewera mu 2011, china ali wachiwiri kwa kochi mu 2020. Amati nkhani yathera pamenepo. Ine ndimakana. Liwiro la mumchenga n'kuyambira pamodzi, ndipo awiriwa sanayambirepo pamodzi chilichonse, kaya ku koleji, mu ligi, ngakhale pa ukochi. Kwa anzanga amene mwasiya kusewera ndipo mukuganiza zogwira wezulo ndi kabolodi, funso laphindu ndi lakuti aliyense wa iwo anauphunzirira kuti ukochiwo.

Ku koleji ndiye kosiyana ngati usana ndi usiku.

Kerr anabadwira ku Beirut mu 1965, kumene banja lawo linakhala zaka zambiri pa ntchito ya uphunzitsi. Sekondale anamalizira ku Los Angeles, ndipo makoleji sanamuthamangire. Anali wosathamanga, wosalumpha. Mwini wake amasimba kuti atapita kukayesedwa ku Gonzaga anamupatsa kuti alimbane ndi mnyamata wina wa pomwepo, John Stockton, ndipo anabwerako wopanda malo. Dzina la Stockton mulisunge, libweranso. Amene anamutola anali Lute Olson, yemwe anali atangofika kumene ku University of Arizona mu 1983, timu yomwe sizoni yapitayo inapambana masewero 4 okha n'kugonja 24. Timu yotere sisankha kwambiri.

Asanathe n'chaka chimodzi pa kolejipo, pa 18 Januwale 1984, bambo ake a Malcolm Kerr, amene anali mtsogoleri wa American University of Beirut, anawomberedwa ndi zigawenga pafupi ndi ofesi yawo. Mwanayo anali ndi zaka 18. Anapitiriza kusewera. Mu 1986 analowa m'timu ya dziko la America yomwe inapambana mpikisano wa dziko lonse ku Spain, koma anavulala bondo mu semifainolo, moti sizoni yonse ya 1986–87 anaionera panja. Tsoka lake, imeneyo ndiyo sizoni yomwe makoleji onse anayamba kugwiritsa ntchito mzere wa mapointi atatu. Munthu amene luso lake lonse linali kuponyera patali anaulawa mzerewo sizoni imodzi yokha, ya 1987–88, ndipo anamwetsa 114 pa mipira 199, kutanthauza 57.3 pa 100 iliyonse. M'sizoni yomweyo ochemerera ena a Arizona State anamunyoza ndi imfa ya bambo ake masewero asanayambe. Analira, kenako anamwetsa ma three (mipira ya mapointi atatu) 6 m'chigawo choyamba chokha. Arizona, pamodzi ndi Sean Elliott, inafika pa matimu anayi otsiriza, koma tsiku lokumana ndi Oklahoma dzanja linamukana: anamwetsa 2 pa mipira 13, timu n'kutuluka. Zaka zisanu pa koleji, wina angati anachedwa, koma anatulukapo ataona maliro, kuvulala, kutchuka ndi kugwetsa timu pa tsiku lalikulu. Palibe chomwe wosewera angabwere nacho kwa iye lero chimene sanachilawe asanafike zaka 23.

Kidd ndi wa 1973, wokulira ku Oakland, kumene Gary Payton, katswiri wina wa komweko, ankamuphunzitsa mpira mwa nkhanza za mkulu wake pa mabwalo a m'makwalala. Pomaliza sekondale anali wosewera wapamwamba m'dziko lonse la America. Makoleji akuluakulu ankamufuna, iye n'kudabwitsa anthu posankha University of California ku Berkeley, pafupi ndi kwawo, timu yomwe inali itangopambana 10 n'kugonja 18. Anthu ofuna kumuona anachuluka moti masewero ena ankawasamutsira ku bwalo lalikulu la ku Oakland. M'chaka chake choyamba analanda mipira 110, ndipo palibe wa chaka choyamba amene anali atachitapo zimenezo. Mu mpikisano wa makoleji wa 1993 California inatulutsa Duke, yomwe inali itatenga chikho zaka ziwiri zotsatizana, 82–77, Kidd atapereka ma assist (mapasi omwetsetsa mnzake) 14 pamaso pa akatswiri a Duke, Bobby Hurley ndi Grant Hill. Chaka chachiwiri anatsogola dziko lonse pa ma assist, 9.1 pa masewero aliwonse, koma anatulutsidwa m'ndime yoyamba ndi katimu ka Wisconsin–Green Bay. Basi, koleji inathera pomwepo, zaka ziwiri.

Pali kanthu kena ka ku Berkeley komwe sindikufuna kukalumpha. Mkati mwa sizoni yoyamba ya Kidd, mu Febuluwale 1993, kochi Lou Campanelli anachotsedwa ntchito pa nkhani ya malankhulidwe ake aukali kwa osewera, ndipo wachiwiri wake Todd Bozeman, wa zaka 29, anatenga mpando. Sindikunena kuti Kidd ndiye anachotsetsa munthu. Ndikunena kuti ali ndi zaka 19 anaona kale kuti wosewera wamkulu ndi kochi akapanda kumvana, amene amanyamula katundu ndi kochi. Kerr ku Arizona anaona zina: kochi mmodzi zaka zisanu, akumanga timu kuchokera pa dothi.

Mu ligi, ngati tikukamba za luso lokha, palibe choyerekeza, ndipo a mbali ya Kerr asadzivutitse. Kidd anasankhidwa wachiwiri ndi Dallas pa draft (mwambo womwe matimu amasankhira osewera atsopano) ya 1994, ndipo timuyo inachoka pa kupambana masewero 13 kufika pa 36. Anagawana ndi Grant Hill mphoto ya wosewera watsopano wopambana. Atafika ku New Jersey mu 2001, timu yomwe inapambana 26 inapambana 52 n'kulowa fainolo zaka ziwiri zotsatizana. Anatsogola ligi pa ma assist kasanu, anasankhidwa kusewera All-Star (masewero a akatswiri a ligi okhaokha) ka 10, anamaliza ndi ma assist 12,091 ndi mipira yolanda 2,684, ndipo pa tsiku lopuma anali wachiwiri pa zonse ziwirizo, kumbuyo kwa Stockton yekha. Onjezeranipo golide wa Olympics ku Sydney mu 2000 ndi ku Beijing mu 2008. Anali point guard, woyendetsa timu m'bwalo, wodumphira ma rebound (mipira yomwe yakana kulowa) ngati munthu wamtali, woona mnzake asanafike pamene mpira ukagwere.

Chimene ndimamulemekezera kwambiri n'china. Ali mnyamata sankatha kuponyera patali, mpaka anthu anamuchotsera chilembo choyamba cha dzina lake n'kumamutcha Ason, poti analibe J, kutanthauza jump shot. Miyendo itayamba kutha anadziphunzitsa kuponya, ndipo anapuma ali wachitatu m'mbiri ya ligi pa ma three omwetsa, 1,988. Chikho cha 2011 anachitenga atabwerera ku Dallas, ali ndi zaka 38, pansi pa kochi Rick Carlisle, atavomera kuti timu ndi ya Dirk Nowitzki, iye ntchito yake ndi kukonza mzere, kutchinga ndi kumwetsa akasiyidwa yekha. Wachinyamata amene akuganiza kuti luso lomwe alibe lero sadzakhala nalo, aonereni Kidd wa 1995 kenako wa 2011.

Mbiri yake ili ndi mabala, ndipo kuwabisa kungakhale kunamiza owerenga. Mu 2001, ali ku Phoenix, anavomera mlandu womenya mkazi wake, ndipo chaka chomwecho timuyo inamusinthanitsa ndi Stephon Marbury. Mu 2012 anagwidwa akuyendetsa galimoto ataledzera, chifukwa chake masewero awiri oyamba a ukochi wake anawaonera kunja ali pa chilango. Ku New Jersey, kochi Byron Scott anachotsedwa mu Januwale 2004 atangofikitsa timu mu fainolo kawiri, manyuzipepala akulemba kuti sankamvana ndi katswiri wake.

Nanga Kerr? Anasankhidwa wa nambala 50 mu 1988 ndi Phoenix. Pa masewero 910 anayamba 30 okha. Mapointi 6 pa masewero aliwonse. Kidd anasewera mphindi zoposa 50,000, Kerr sanafike 17,000. Kusiyana kumeneku ndiko nkhani yanga yonse, chifukwa mphindi zomwe Kidd anali m'bwalo akuchita zomwe thupi lake linkadziwa lokha, Kerr anali pa benchi, mamita ochepa kuchokera pamene kochi waima, akumva chilichonse. Ndipo onani anthu amene ankawamvera: Cotton Fitzsimmons ku Phoenix, Lenny Wilkens ku Cleveland, Phil Jackson ndi Tex Winter ku Chicago, Gregg Popovich ku San Antonio. Wokhala pa benchi amadziwa mmene kochi amalankhulira ndi munthu amene sasewera. Katswiri zimenezo sazimva, poti sizimukhudza.

Luso lake linali limodzi, koma analifikitsa pamapeto: 45.4 pa ma three 100 aliwonse pa moyo wake wonse wa mu ligi, pamwamba pa wina aliyense. Tinene chilungamo, kuyambira 1994 mpaka 1997 ligi inasendeza mzerewo kufupi, ndipo zaka zake zabwino kwambiri zinagwera pomwepo. Komabe mzere unali umodzi kwa onse. Ku Chicago anamenyana ndi Michael Jordan pa maphunziro mu 1995 n'kutupitsidwa diso, ndipo onse awiri anati ubwenzi wawo unayambira pamenepo. Mu fainolo ya 1997, masewero achisanu ndi chimodzi, zigoli zili 86–86, wosewera wa Utah amene ankayang'anira Kerr anamusiya kukathandiza kutchinga Jordan. Jordan anapatsira Kerr, Kerr anamwetsa kutatsala masekondi 5, Chicago n'kutenga chikho. Womusiyayo anali John Stockton, yemwe uja wa ku Gonzaga. Kerr anatenga zikho 1996, 1997 ndi 1998 ku Chicago, 1999 ku San Antonio, zinayi zotsatizana. Mu 2003, ndevu zitayamba kuyera, Popovich anamudzutsa pa benchi ku Dallas timu ikumira, iye n'kumwetsa ma three 4 pa 4, Spurs n'kulowa fainolo ija yokumana ndi Kidd.

Tsopano pamene njira zawo zinapatukiradi: pakati pa kuvula yunifolomu ndi kutenga mpando.

Kidd analengeza kupuma pa 3 Juni 2013. Pa 12 Juni anali kochi wamkulu wa Brooklyn Nets. Masiku 9. Kerr anapuma mu 2003, n'kutenga timu mu Meyi 2014. Zaka 11. M'zaka zimenezo anafotokozera masewero pa kanema wa TNT, ntchito yokakamiza munthu kunena m'mawu osavuta chifukwa chake chinthu chachitika. Kuyambira 2007 mpaka 2010 anali mkulu woona zogula ndi kusinthanitsa osewera ku Phoenix, kumene analakwitsanso ndithu: anapereka Shawn Marion kuti atenge Shaquille O'Neal mu 2008, timu yothamanga n'kuimangirira mwala kumwendo. Koma analakwitsira mu ofesi, n'kudziwa mmene a mu ofesi amaganizira.

Taonani chaka choyamba cha aliyense pa nkhani imodzi yokha, ya achiwiri awo. Onse awiri ankadziwa kuti sanaphunzitsepo timu, ndipo onse anaitana akadaulo. Kidd anaitana Lawrence Frank, yemwe anali kochi wake ku New Jersey. Pofika Disembala 2013, sizoni itangotha mwezi umodzi, anali atamuchotsa pa benchi n'kumupatsa ntchito yolemba malipoti. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Kerr anaitana Alvin Gentry kuti aone zomwetsa, ndi Ron Adams kuti aone zotchinga, anthu odziwa kumuposa, ndipo anawasiya agwire ntchito. Mu fainolo ya 2015, Cleveland ikutsogola 2–1, nzeru yoti Andre Iguodala ayambe m'malo mwa Andrew Bogut inachokera kwa wothandizira wachinyamata, Nick U'Ren. Kerr anaitenga, inagwira, ndipo anatchula dzina la mwini nzeruyo pamaso pa atolankhani. Kochi amene anakhalapo munthu wa nambala 10 m'timu amadziwa kukoma kwa kutchulidwa.

Nkhani ya Iguodala yemweyo ndi yaikulu kuposa mmene imaonekera. Munthuyu anali asanayambirepo pa benchi chiyambire mu ligi. Kerr anamupempha atero kuti Harrison Barnes ayambe. Mawu amenewo akachokera kwa munthu amene anakhala pa benchi zaka 15 n'kutengerapo zikho zisanu amamveka mosiyana. Anapitanso mpaka ku Australia kukacheza ndi Bogut sizoni isanayambe. Timu yomwe pansi pa Mark Jackson inkapatsirana mpira mochepa anaiikira mulingo wa mapasi 300 pa masewero. Inapambana 67, n'kutenga chikho.

Kidd ku Brooklyn anapatsidwa timu ya malipiro okwera kuposa ina iliyonse, ya nkhalamba zotchuka monga Kevin Garnett ndi Paul Pierce, ena a iwo amsinkhu wake. Anayamba ndi kupambana 10, kugonja 21. Mu Novembala 2013, pa masewero ndi Lakers, ma timeout (mipata yoimitsa masewero) atamuthera, anauza wosewera wake kuti amugunde kuti chakumwa chitayikire pansi, masewero aime. Ligi inamulipiritsa madola 50,000. Anthu amaseka nazo, koma ine ndimaonapo wosewera wochenjera amene sanazindikire kuti tsopano wavala suti. Komabe muone zomwe anachita wamtali wa timuyo Brook Lopez atathyoka phazi: anasendeza Pierce kuti azisewera ngati wamtali, analowetsa Shaun Livingston, timu inasintha, inamaliza 44–38 n'kutulutsa Toronto pa masewero a 7. Mutu wa mpira anali nawo. Chimene chinamuchotsa ndi kufuna mphamvu zoposa za abwana ake a mu ofesi atangogwira ntchito chaka chimodzi. Atakanidwa anapita ku Milwaukee, kumene Larry Drew anali akadali pa mpando nkhani zikukambidwa. Makochi anzake sanakondwe nazo.

Apa ndi pamene a mbali ya Kidd ali ndi mfundo yomwe a Kerr sangaiyankhe bwinobwino. Kerr sanapatsidwepo nyumba yogumuka. Anapeza Stephen Curry, Klay Thompson ndi Draymond Green ali kale pamodzi, timu itapambana 51. Sizoni yomwe Warriors inapambana 73 n'kugonja 9, masewero 43 oyamba anatsogolera wachiwiri wake Luke Walton, Kerr akudwala msana, ndipo anapambana 39. Mu playoffs (ndime zochotsana za kumapeto kwa sizoni) ya 2017 wachiwiri wina Mike Brown anagwirizira masewero 11 n'kupambana onse. Katswiri wina wa timuyo Kevin Durant atachoka, Thompson atavulala, Curry atathyoka dzanja, Warriors ya Kerr yemweyo inapambana 15 n'kugonja 50 mu 2019–20. Kidd ku Milwaukee anapeza timu yopambana 15, chaka chotsatira inapambana 41. Ndipo ndi iye amene mu 2016 anapereka mpira m'manja mwa Giannis Antetokounmpo, mnyamata wamtali wobadwira ku Greece kwa makolo a ku Nigeria, n'kumuuza kuti aziyendetsa timu. Anthu ankati ndi misala. Chaka chotsatira Giannis anali All-Star. Tsiku lomwe Kidd anachotsedwa, mu Januwale 2018, Giannis ndi amene anadandaula kwambiri.

Pa kukuza mwana mmodzi waluso, ndimapereka kwa Kidd mosazengereza. Kerr pamenepa ndi wofooka. James Wiseman, wosankhidwa wachiwiri mu 2020, anachoka mu 2023 asanakhazikike. Jonathan Kuminga wa ku DR Congo anakhala zaka akulowa ndi kutuluka, osadziwa kuti mawa asewera mphindi zingati. Kaseweredwe ka Kerr kamafuna anthu owerenga mpira msanga, ndipo alibe chipiriro ndi amene akuphunzira kumene. Chinanso, mu Okutobala 2022 Green atamenya Jordan Poole pa maphunziro, timu sinamuimitse masewero a ligi, ndipo sizoni yonseyo inayenda motsimphina mpaka Poole anagulitsidwa. Ufulu womwe Kerr amapatsa akuluakulu a m'timu uli ndi mtengo wake, ndipo amaulipira ndi ana.

Koma Milwaukee yomweyo ikutiuzanso zina za Kidd. Chitetezo chake chothamangira mpira awiriawiri chinadabwitsa ligi chaka choyamba, kenako matimu anachizindikira, n'kumangoponyera m'makona momwe munalibe munthu. Iye sanasinthe. Osewera ena ankadandaula za ukali wake. Mike Budenholzer atabwera mu 2018, ndi osewera ambiri omwewo, timu inapambana 60, Giannis n'kukhala MVP, wosewera wopambana onse mu ligi. Kidd anadziwa kuumba munthuyo, koma nyumba yomuzungulira anamanga ndi wina. Katswiri amavutika kumvetsa chifukwa chake wosewera wamba sakuona chinthu chomwe kwa iye chili poyera. Zinamuvuta Magic Johnson, amene anasiya ukochi wa Lakers atangotsogolera masewero 16 mu 1994. Isiah Thomas nayenso sanapite patali. Larry Bird ndiye anakhoza ku Indiana, ndipo njira yake inali yosiyira achiwiri ake, Rick Carlisle ndi Dick Harter, mbali yaikulu ya ntchito.

Ndiye chinachitika n'chiyani kuti Kidd wa ku Dallas akhale wosiyana? Anakakhala pa benchi. Mu 2019, ali ndi zaka 46, dzina lili kale mu Hall of Fame, kaundula wa akatswiri olemekezeka, anavomera kukhala wachiwiri kwa Frank Vogel ku Lakers. Ambiri ankati wapita kukadikira mpando wa mnzake. Sanatero. Anakhala zaka ziwiri akumvera, anatenga chikho cha 2020, ndipo atafika ku Dallas mu 2021 anali munthu wofatsa, wosakalipa pa chilichonse. Timu yomwe inkadziwika ndi kumwetsa kokha inalowa pakati pa 10 otchinga bwino, inapambana 52. Katswiri wa timuyo Luka Dončić atavulala playoffs itatsala pang'ono kuyamba, Kidd anadalira Jalen Brunson, yemwe anamwetsa 41 pa Utah. Kenako anapita ku Phoenix, timu yopambana 64, n'kukaigwetsa kwawo komweko 123–90 pa masewero a 7. Sizoni yotsatira inali yoipa, 38–44, mpaka ligi inalipiritsa timuyo madola 750,000 chifukwa chopumitsa osewera dala. Koma mu 2024 anagwirizanitsa Dončić ndi Kyrie Irving, anadalira mwana watsopano Dereck Lively II, n'kufika mu fainolo kumene Boston inawaposa 4–1. Sukulu yomwe Kerr anaiyamba ali ndi zaka 23, Kidd anailowa ali ndi 46, ndipo zotsatira zake zinaoneka pa iyenso.

Kwa amene amati Kerr anangokwera basi yoyenda kale, yankho ndi 2022. Durant kunalibe, Thompson anali atangobwera patatha zaka ziwiri ndi theka osasewera, ndipo chikho anachitenga ndi Andrew Wiggins, amene Minnesota inali itamutaya mtima, Kevon Looney, ndi Gary Payton II, mwana wa Payton uja wophunzitsa Kidd, yemwe anali atazungulira matimu osapeza pokhala. Anthu a pa benchi onsewo anadziwa ntchito yawo. Ndi timu ya dziko la America zinali zosakanikira: nambala 4 pa World Cup ya 2023 ku Manila, golide ku Paris mu 2024, kumene anakhazika Jayson Tatum pa benchi masewero onse awiri okumana ndi Serbia, munthu woti wangotenga kumene chikho cha NBA. Ochemerera Boston sanamukhululukire, koma ndi mankhwala omwe aja anamwetsa Iguodala.

Ndiye mukandifunsa kuti nditenge uti, ndifunsa kaye kuti muli ndi chiyani m'manja. Mukakhala ndi mwana mmodzi waluso amene sakudziwa kukula kwa zomwe ali nazo, ndi timu yozolowera kugonja, Kidd amadzutsa anthu otere msanga, ndipo wachita zimenezo ku Berkeley, ku Dallas, ku New Jersey ndi ku Milwaukee. Ingodziwani kuti chaka chachitatu chimavuta. Mukakhala ndi akatswiri okhwima amene vuto lawo ndi kugawana mpira ndi ulemu, tengani Kerr. Koma inu amene mukufuna kuphunzira ntchitoyi, ambiri mwa inu simunali a Kidd m'bwalo, ndipo masomphenya ake simungawakope, ndi obadwa nawo. Za Kerr zimakopeka: kukhala pansi pa kochi wodziwa, kulemba zomwe mukuona, kuitana okuposani osawaopa, kulankhula ndi wa nambala 12 monga mulankhulira ndi woyamba. Ine ndili kumeneko.

Amene muli ndi bandulo yokwanira, pa YouTube fufuzani masewero awiri. Oyamba ndi California ndi Duke a 1993, muone mwana wa zaka 19 akuyendetsa anthu 9 ena m'bwalo. Achiwiri ndi masewero achiwiri a Warriors ndi Dallas mu Meyi 2022. Dallas inatsogola ndi mapointi 19 m'chigawo choyamba, ma three akungolowa. Atabwera kopuma anapitiriza kuponyera patali ngakhale mipira itayamba kukana, pamene Warriors inkalowa mkati mobwerezabwereza. Musayang'ane Curry. Yang'anani Looney, munthu amene masiku ena sankafika n'mphindi 15, akumaliza ndi mapointi 21 ndi ma rebound 12, Warriors n'kupambana 126–117.